Ndulu Yosowa M'dzenje la Laimu

Agalu ndiwo anayamba kufa. Lachisanu m'mawa, ndisanamange n'komwe lamba wa yunifolomu, Stafford Gondwe anatulukira pa polisi ya Mzimba akukankha njinga yake ya boma, thukuta lili kamukamu.

"Kopolo, tiyeni ku bwalo lophera ng'ombe. Munthu wafukula dzenje. Very serious, Kopolo, very serious!"

Stafford anali wothandizira dokotala wa ziweto, wophunzira ku mishoni, munthu wovala kolala ngakhale m'dzuwa la Okutobala. Akachita mantha, Chingerezi chinkamutuluka chokha. Ine ndine Wallace Kachiza wa ku Dowa. Ananditumiza ku Mzimba nkhondo ya Jeremani itangotha, ndipo m'zaka zimenezo panalibe wakuba ng'ombe amene ankagona tulo akamva kuti mlandu wake uli m'manja mwanga. Sindikudzitama ayi, kafunseni.

Chaka chimenecho kunagwa nthenda ya kapamba m'makola a kum'mwera, ndipo boma linaika lamulo limene Angoni ankalitukwana pa mowa uliwonse. Ng'ombe isaphedwenso m'khola la mwini wake. Izibwera pa bwalo la boma Lolemba, tsiku lokhalo limene Stafford sankayendera midzi. Zam'kati zonse, chifu, matumbo, chiwindi, mapapo, ziziyalidwa pa mwala mpaka iye atazipima. Akazikana, nyama ndi zam'kati zomwe zizilowa m'dzenje, athiremo laimu, akwirire. Wotulutsa ngakhale kachidutswa, ndende. Anthu ankati boma layamba kusirira matumbo a eni ake. Ine lamulolo ndinkalikonda, chifukwa kunkhondo ndinaona amtengatenga akugwa m'njira atadya ng'ombe yodzifera.

Bwalo lophera ng'ombe linali kumunsi kwa boma, chakumtsinje. Tinapeza agalu ali gone pansi pa mtengo wa muwanga, mimba zitatupa, magazi akuda m'mphuno. Dzenje linali lotseguka mbali imodzi, ndipo chiwindi chinali chitakokeredwa kunja, chili mbuu ndi laimu.

"Ng'ombe ya ndani?" ndinafunsa.

"Ya a Matthews Nhlane, mkulu wa mpingo wa kwa Zondwayo, njira ya ku Manyamula. Ndinaikana ndine Lolemba. Kapamba anali atatupa ngati mtsamiro, magazi osaundana."

"Ndiye mwandiitanira chiyani, a Gondwe? Agalu aba, agalu afa. Mlandu watha wokha."

Iye anatola kamtengo, natembenuza chiwindicho. Pamene pamakhala ndulu panali podulidwa mosalala.

"Galu sagwira mpeni, Kopolo. Ndulu palibe." Anaponya kamtengo pansi. "Mundimvetse. Amene ali ndi ndulu imeneyo akuyenda ndi imfa m'manja. Madzi ake akangokhudza pabala, ngakhale mng'alu wa kuchidendene, pamatuluka chilonda chakuda, thupi limatupa, basi. Sabata satha. Ndipo aliyense amene angamupatse, nayenso chimodzimodzi."

Apa ndinasiya nthabwala. Za ndende sindinaziganizenso. Kwinakwake kunali munthu amene ankasunga imfa yake osadziwa, ndipo ntchito yanga inali kumupeza iyo isanamupeze.

"Ndi Jonasi Thole," Stafford anapitiriza. "Ndiye amapha ng'ombe pano, amagona chapafupi, khasu ndi lake. Wafukula usiku kuti akagulitse kwa asing'anga. Ndauza kale amesenjala amutsekere."

Ndinanjuta m'mphepete mwa dzenje, manja ndili nawo kumbuyo. Dothi linali ndi zikhadabo zokhazokha, popanda pamene khasu linatema. Kenako ndinayang'anitsitsa podulidwa paja.

"A Gondwe, laimu munathira liti?"

"Lolemba lomwelo."

"Kangati?"

"Kamodzi. Why?"

"Taonani apa. Akanadula munthu wofukula, pakanakhala nyama yoyera bwino, yopanda laimu. Koma laimu walowa mpaka m'kati mwa bala. Mpeni unayamba, laimu anabwera pambuyo." Ndinaimirira. "Dzenje ili afukula ndi agalu. Ndulu sinalowemo n'komwe. Inabedwa masanasana, inu muli pompano."

Stafford anakhala pansi pa dothi ndi buluku lake loyera.

* * *

Jonasi Thole ndinamupeza m'chitokosi atatsamira khoma. Anali nkhalamba yamapewa aakulu, yolankhula ngati mawu amagula.

"Usiku ndinali pa mowa kwa mlamu wanga," anayamba ndisanamufunse. "Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Kafunseni. Dzenje nkhumanya yayi."

"Za usiku zisungeni, a Thole, zilibe ntchito. Dzenje munakumba losaya, n'chifukwa chake agalu alowa. Mlandu wanu ndi umenewo."

"Dongo la chilimwe. Khasu likudumpha." Anandiyang'ana cham'mbali. "Mbwenu?"

"Ndiuzeni za Lolemba masana. Chiwindi anachigwira ndani?"

"Ine. Ndinaika pa mwala."

"Ndulu inalipo?"

"Enya. Yaikulu. Yodzaza."

"Kenako?"

"Gondwe waona kapamba. Wakuwa. Anthu onse athawa kunja kwa mpanda. Watisambitsa kaboliki, mankhwala opha nthenda. Tapita ku nyumba ya laimu, ine na iye. Mgolo ngwolemera, munthu mmodzi yayi."

"Pa mwala munasiya ndani?"

Anawerenga m'mutu. "NyaShaba, wogulitsa matumbo ophika. Uja sathawa. Na mwini ng'ombe."

"Mutabwerako munaona chiwindi?"

"Ndani akanayang'ana? Takankha na mitengo, vyose m'dzenje."

Ndinali nditatembenuka kale pamene anatsokomola.

"Mpeni wane."

"Watani mpeni?"

"Ndinabaya pa nsanamira. Ndabwera, uli pansi. Wopukuta na udzu." Anagwedeza mutu monyansidwa. "Ine mpeni ndimapukuta pa chikopa. Udzu ngwa munthu wa manja ofewa."

Ndinauza mesenjala amutsegulire. Jonasi sanathokoze, anangofunsa ngati tsiku limenelo alilemba kuti wagwira ntchito.

* * *

Enifa, amene onse ankamutcha NyaShaba, ankaphika matumbo ndi chifu pansi pa mkuyu wa pamsika, nagulitsa kwa amtengatenga ndi anthu obwera ku milandu. Lamulo la zam'kati linamudyera malonda, ndipo sankabisa kuti aliyense wovala yunifolomu ndi mdani wake. Atandiona ndi Stafford anayamba kulankhula tikadali patali.

"Awo! Abwera akuluakulu okwirira ndiwo! Yewo chomene, adada Kopolo, khalani pansi, koma mphika uli na nyemba. Nyemba! Ine NyaShaba kuphika nyemba ngati wamasiye. Chiwindi chonona chija mwapatsa nyerere, sono mwabwera kudzakwirira vichi, nyemba zanganso?"

"Ndulu ya ng'ombe ija yasowa, mayi."

"Ndiye mwati ndine? Ndulu ndiphikire ndani? Mukufuna anthu anga alavule? Ine ndikaba ndimaba chodya, adada. Ndikanatenga chifu."

Ndinamukhulupirira. Manja ake ndinali nditawaona kale, anali osalala bwino, opanda chotupa.

"Pamene a Gondwe ndi a Thole anapita kukatenga laimu, inu munali pati?"

"Pa mwala pomwepo, kulira maliro a chiwindi. Mbwenu a Nhlane akuti, NyaShaba, ndapota, kanditungireni madzi kumtsinje ndisambe m'manja. Munthu wa Mulungu akakupempha madzi ungakane? Ndapita. Ndikubwera na chikho, ndawapeza agwada pafupi na mwala, maso otseka, chipewa pa chifuwa, akupemphera. Ndinachita manyazi ine, kulira chiwindi pamene mwini ng'ombe akuyamika Mulungu."

"A Nhlane ndi munthu wolunjika," Stafford analowerera. "Ndiwo okha amene sanatsutse. Anandiikira kumbuyo pamaso pa anthu, akuti lamulo la boma ndi lochokera kumwamba. Pa guwa amadzudzula miyambo yachikunja sabata ndi sabata. Si iwo, Kopolo. Impossible."

"Madziwo anasamba?" ndinafunsa NyaShaba.

Anaima kaye ndi chipande m'manja. "Yayi. Anangoti yewo, n'kutuluka. Ndinathira pansi."

"Chipewa anavala?"

"Chipewa?" Anaseka. "Sono mwandikumbutsa. Anatuluka atachigwira na manja awiri, chonchi, mpaka kukhota pa msewu. Dazi la kumutu kwawo lonse lija pa dzuwa! Anthu amati chisoni chawagwira, ng'ombe ya ukwati wa mwana kupita m'dzenje."

"Ukwati wa mwana?"

"Elube, mwana wawo mmodzi yekhayo. Mayi wake anamwalira kale. Akukwatiwa kwa a Mhlanga, kuseri kwa Manyamula. Tchalitchi adalitsa kale Lachitatu. Koma apongozi ake aakazi, hee, mai uja ngwa kale chomene! Analankhula pamsika pano, pamene mwaimapo, akuti mwana wa mkulu wa mpingo kaya wa mngelo, akabwera dzanja lopanda nyongo, m'khola mwa a Mhlanga salowa. Akhala ngati mkazi wotola pa njira. Ana ake sadzagawiridwa ng'ombe."

Nyongo ndi ndulu m'chilankhulo cha kuno. Apa sindinafunikirenso wondiphunzitsa, chifukwa mkazi wanga ndi NyaHara wa ku Edingeni, ndipo mthimba wake, ukwati wa Chingoni uja, ndinauona ndi maso anga. Bambo wa mkwati wamkazi amapatula ng'ombe, naitchula dzina la mwana wake pamaso pa abale. Ndulu imayenera kuchoka mwa ng'ombe yomweyo, ina ayi. Tsiku lonyamuka mkwati amagwada m'khola la bambo wake, azakhali ake amamudontheza madzi a nduluyo m'manja ndi m'mapazi, kenako kathumba kake, kofufumitsa ndi mpweya, amamumanga pa dzanja. Akafika kwa mwamuna, onse amaona kuti mwanayu ali ndi kwawo. Zonsezi ndinamufotokozera Stafford pomwepo.

"Mai Mhlanga akadalankhulabe?" ndinafunsa.

"Ndicho chodabwitsa. Kuyambira Lachiwiri ali chete, akungofulula mowa na kuseka."

"Ndiye kuti wina anawalonjeza."

Stafford anandigwira mkono. "Mwati kofufumitsa ndi mpweya. Amafufumitsa ndi chiyani?"

"Ndi pakamwa, a Gondwe. Kulibe pampu ya njinga kwa Zondwayo."

Ndinatembenukira kwa NyaShaba.

"Mthimba ndi liti?"

Anayang'ana dzuwa. "Lero, adada. Likangopendeka, mkwati akulowa m'khola."

* * *

Njinga ya boma anaipangira munthu mmodzi, koma tsiku limenelo inanyamula awiri, ndi botolo la kaboliki m'thumba la Stafford. Ndinkapalasa ndine. Pa mchenga tinkatsika ndi kuthamanga, pa chitunda tinkakankha, ndipo kolala ya Stafford inathera m'thumba tisanafike theka la njira. Panjira ankangobwereza kuti mwina talakwitsa, munthu ngati a Nhlane sangachite zotere. Ine ndinangopalasabe. Anthu olunjika ndawaonapo ambiri, ndipo amakhota pamalo amodzi okha, pamene pali mwana wawo.

Tinamva nyimbo tisanaone mudzi. Kwa Zondwayo kunali anthu ngati pa msonkhano wa msonkho. Amuna a zishango ndi zibonga anali atazungulira khola, amayi akululutira, ndipo chapambali panakhala gulu la a Mhlanga, odzatenga mkwati. Ndinafunsa nyumba ya a Nhlane, nandilozera ya njerwa zosawotcha, yokhala ndi mawindo.

Tinawapeza okha m'kati, atakhala pa mpando, atavala jekete yakuda ya pa Sabata. Anali munthu wamtali, wadazi, wa maso odekha. Pakamwa anali ataphimba ndi mpango woyera.

"Takulandirani, a Kopolo. A Gondwe." Mawu ankatuluka molemera, koma Chichewa chawo chinali cha m'buku. "Mwabwera pa tsiku la chimwemwe. Mundikhululukire mpangowu. Njuchi inandiluma."

"Pepani, bambo. Njuchi ya liti?"

"Ya Lachitatu."

"Ndabwera ndi mafunso ochepa. Lolemba munatuma NyaShaba madzi osamba m'manja. Bwanji simunasambe?"

"Ndinaiwala. Mtima unali wosweka."

"Munatuluka chipewa chili m'manja, dzuwa likuswa mtengo."

"Munthu akachoka pa pemphero savala chipewa msanga."

"Mpaka pa msewu?"

Panja amayi anayamba nyimbo ina, yapang'onopang'ono, ndipo ndinaizindikira. Ndi imene amaimba potulutsa mkwati m'nyumba.

"A Kopolo," anatero, "ine ndatumikira mpingo kuyambira ndili mnyamata. Mudzi uno ndinauphunzitsa ndine kuwerenga. Mukufuna kunena kuti ndinaba pa bwalo la boma, ndi kuchita mwambo umene ndimaudzudzula pa guwa? Muli ndi mboni imene inandiona?"

"Ndilibe. Mboni yanga ili kuseri kwa mpango wanuwo. Chotsani."

Anandiyang'ana. Kenako dzanja logwira mpango linatsika.

Mlomo wam'munsi unali utatupa mpaka kuchibwano. Pakati pake panali chilonda chozungulira, chakuda bii ngati khala, ndi timatuza m'mbali. Kutupako kunali kutayamba kutsikira kukhosi. Stafford anapuma mokoka, nabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko.

"Sichikupweteka n'komwe," a Nhlane anatero, ngati akudziteteza. "Chikanakhala choopsa chikanapweteka."

"Ndi mmene chimakhalira," Stafford anayankha. "Adada, ndi nthenda ya ng'ombe ija. Yalowera pa mng'alu wa mlomo pamene munkauzira."

"Ng'ombe ija inayenda yokha kuchoka kuno mpaka ku boma. Inkadya udzu m'njira. Ine ndinaganiza kuti mwangoopa, monga achitira anyamata a sukulu. Ndinati nyama atenge, sindilimbana ndi boma. Koma kanthu kakang'ono ngati kaja, kosadyedwa n'komwe, kangalakwe chiyani?" Anatseka maso. "Ndinaitchula dzina la Elube pamaso pa abale. Ina sikanatheka. Mayi wake kulibe. Ndikanamutumiza bwanji kwa eni ake ngati mwana wopanda bambo?"

Ndinamva chisoni, sindibisa. Koma chisoni ndinachiika pambali.

"Agalu amene anafukula dzenje lija afa onse m'mawa uno. Ndulu ili kuti?"

Maso awo anatseguka.

"Madzi ake ndinathira mu nsupa. Nsupa ndi kathumba ndinapatsa mlongo wanga, ankhazi ake a Elube." Anatembenukira kuwindo. Nyimbo ija inali itasiya. "Alowa m'khola."

* * *

Ndinathamanga. Koma pa chipata cha khola zibonga ziwiri zinapingasa pachifuwa panga.

"Mlendo salowa," anatero mwamuna wina wa nthenga kumutu. "Boma latilanda ng'ombe, sono likufuna na khola?"

Anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo ena anasendera. Mfuti ndinalibe, ndipo ngakhale ndikanakhala nayo, munthu wanzeru saloza mfuti Angoni pa khola lawo. Kudzera m'mipata ya mitengo ndinaona zonse. Elube anali atagwada pa ndowe youma pakati pa khola, mikanda m'khosi, mutu woweramitsa, manja atatambasula. Anali wopanda nsapato, ndipo zidendene zake zinali ndi ming'alu ya chilimwe ngati za mtsikana aliyense wotunga madzi. Patsogolo pake panaima mayi wachikulire, kathumba kofufuma kakulendewera pa chala, akulimbana ndi chotsekera cha nsupa.

"Mayi, musatsegule!" ndinakuwa. "Muli nthenda m'menemo!"

Mayiyo anandiyang'ana, nayang'ana anthu, naseka. "Wapolisi wa Chichewa akutiphunzitsa mthimba!" Anthu anaseka naye. Chotsekera chinazuka.

"Lekani!"

Sanali mawu anga. A Nhlane anali ataima kumbuyo kwanga, mpango uli pakamwa. Zibonga zinatsika zokha, chifukwa khola linali lawo. Analowa, ine pambuyo pawo, naima pakati pa mlongo wawo ndi mwana wawo.

Mpaka nthawi imeneyo mudzi unkakhulupirira kuti ndulu anaipeza ndi ankhazi, mwa njira zawo, mkulu wa mpingo osadziwa kanthu. Anzawo a mumpingo anali pomwepo kunja kwa mpanda, atavala majekete, akuyang'ana kumbali monga amachitira pa zinthu zotere. A Nhlane akanatha kunong'oneza mlongo wawo. Koma mayi uja anali atakwiya kale, nsupa ili chopendeka pamwamba pa manja a mwana, ndipo kunong'ona sikukanamuimitsa.

Anachotsa mpango, natembenuka pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

Amayi amene anali pafupi anakuwa. Wina anagwetsa chikho cha mowa.

"Nyongo iyi ndinaba ndine," anatero mokweza, mawu akutuluka mopotoka pa mlomo wotupawo. "Ine Matthews Nhlane. Ndinaidula pa bwalo la boma, ndinaibisa m'chipewa, ndinaiuzira ndi pakamwa panga. Chimene yandichita ndi ichi. Dumbu wane, mlongo wanga, ukadontheza pa mwanayo, Lachisanu likudzali tidzamuika m'manda."

Dontho limodzi linagwa pa ndowe, pafupi ndi bondo la Elube. Ndinamugwira mtsikanayo m'mapewa ndi kumukokera kumbuyo, mwambo kaya ulipo kaya palibe. A Nhlane analanda nsupa ndi kathumba m'manja mwa mlongo wawo, natuluka nazo okha mpaka pa moto umene ankawotcherapo nyama ya mbuzi, naponyamo. Kathumbako kanaphulika ndi kaphokoso kakang'ono.

Apa Stafford anasanduka munthu wina. Anasambitsa ankhazi manja ndi kaboliki mpaka m'zigongono, nawayang'ana chala ndi chala. Analamula kuti pamene panagwa dontho paunjikidwe udzu ndi kuyatsa, chipewa chija chiwotchedwe, mpango uwotchedwe. Amuna a zishango aja ankathamanga pa mawu ake. Kenako anagwada pamaso pa Elube.

"Mwaigwirako? Ngakhale pang'ono? Dzulo, dzana?"

"Yayi," anayankha mtsikanayo. "Adada anati ndisaione mpaka lero."

Stafford anayang'ana manja ake, kuseri ndi kuno, nayang'ana mapazi. Ataimirira anandigwedezera mutu kuti mtsikanayo ali bwino.

Gulu la a Mhlanga linali litaimirira. Mai Mhlanga, mayi wamfupi wa ndolo zazikulu m'makutu, anabwera mpaka pa chipata. Anayang'ana dzanja la Elube lopanda kanthu, nayang'ana mlomo wa a Nhlane. Onse anadikira. Iye sanapepese, anthu otere sapepesa. Anangowerama, nanyamula dengu la katundu wa mkwati, nadzitwika yekha.

"Tiyeni," anauza anthu ake. "Mwana uyu ali na wiske, ali na bambo wake."

Tsopano panatsala ntchito yanga. Lamulo linkati wotulutsa zam'kati zokanidwa amangidwe, ndipo unyolo ndinali nawo m'thumba. Stafford anandikokera pambali.

"Ku chipatala cha mishoni, Kopolo, pa machila, pompano. Osati ku boma."

"Achira?"

Anayang'ana khosi lija, limene linali litadzaza kolala ya jekete. "Likanakhala dzanja, mwina."

A Nhlane anamva. Anangopempha kuti machila adikire mpaka mwana anyamuke.

Elube anabwera kudzatsazika. Mwambo wake ndi woti mkwati agwade, agwire manja a bambo wake onse awiri, bambo amudzutse. Anagwada, misozi ili chuchuchu, natambasula manja. A Nhlane anabwerera phazi limodzi m'mbuyo, napinda manja awo kumsana.

"Adada!"

"Unganikhwaskanga yayi, mwana wane. Usandigwire."

"Pang'ono pokha, adada."

"Yayi. Imirira wekha. Wakula."

Anakhala chogwada kwa nthawi, manja ali m'malere. Kenako anaimirira yekha. Amayi anayamba nyimbo ya panjira, mawu osakwera, ndipo gulu linatuluka m'mudzi kulowera ku Manyamula. A Nhlane anaima pomwepo, manja kumsana, mpaka mutu womaliza unabisika m'tchire. Atatero anatembenukira kwa ine.

"A Kopolo, mwaona bwino? Sinamukhudze?"

"Sinamukhudze, bambo."

"Ndiye tiyeni."

Unyolo sunatuluke m'thumba. Ndinagwira nawo mtengo wa machila mpaka ku mishoni, ndipo mzungu wa boma atandifunsa za wakuba ndulu, ndinamuuza kuti ndamupeza ndipo sathawa. A Nhlane anamwalira Lolemba m'mawa. Elube anabwera ku maliro ali bwinobwino, ndipo ngakhale pamenepo Stafford sanamulole kugwira mtembo wa bambo wake.